Mchere wa m'dziwe la ku Nkopola

Kumpoto kwa Mangochi, usanafike ku Nkopola, kunali nyumba yoyera ya malata obiriwira imene mwini wake ankakhala ku Blantyre. Kumeneko ndi kumene tinakafikira ine, amayi ndi abambo, titathawa nkhondo kwathu ku Mozambique. Tinalowera ku Katuli, tinakhala ku msasa wa othawa kwawo chaka chathunthu, kenako abambo anapeza ntchito yosesa ndi kuthirira maluwa panyumbapo. Anatipatsa kachipinda kuseri kwa khitchini. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Pabwalo panali dziwe losambiramo la simenti. Zinkandiseketsa kuti munthu akumbe dziwe nyanja ili pomwepo, mpaka amayi anandiuza kuti ana a bwana amaopa likodzo. Koma dziwelo linkavuta. Mankhwala ake ankachokera kutali, ndipo akatha madzi ankachita ndere n'kumanunkha ngati dambo.

Tsiku lina bwana anabwera ndi katoni yochokera ku Joni. Munali kabokosi ka magetsi ndi chinthu chonga botolo loonekera m'kati, chokhala ndi tizitsulo tafulati. Anati makinawo amasandutsa mchere wamba kukhala mankhwala oyeretsa madzi. Mmisiri wa ku Blantyre anali atalonjeza kawiri osabwera, ndipo Loweruka kunkabwera alendo. Abambo anatsamiritsa tsache kukhoma, anatola kabuku kamene kanali m'katonimo, n'kuyamba kuwerenga tsamba la Chipwitikizi. Panyumbapo panalibe ankadziwa kuti amatha kuwerenga, kapena kuti kwathu ku Lichinga anagwira ntchito ya mapaipi zaka zambiri.

"Ndikhoza kuika, bwana," anatero.

Bwana anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapazi. "Che Saidi, mukandidulira paipi n'kuononga makinawa, kapena Loweruka likafika asakugwira ntchito, mulongedze mubwerere ku msasa. Mwamva?"

"Ndamva, bwana. Mulungu akalola, agwira."

Lachinayi m'mawa, bwana atabwerera ku Blantyre, abambo anazimitsa magetsi n'kutseka mipope yonse. Sanafulumire kugwira sowo. Anakhala pansi m'kanyumba ka pampu n'kumatsata paipi ndi chala: apa madzi achoka m'dziwe, apa alowa mu pampu, apa adutsa mu sefa ya mchenga, apa abwerera. Anasankha paipi yobwererayo, chifukwa makinawo amafuna madzi osefedwa kale. Anayeza katatu ndi chingwe, analemba ndi khala, ananong'ona dzina la Mulungu, kenako anadula. Mpaka lero ndimamvabe kulira kwa sowoyo, ndipo ndimaonabe madzi ofunda akutayikira pa mapazi awo. Modulamo anapala ndi mpeni mpaka munasalala ngati mlomo wa kapu. Guluu wake anali wa fungo lolasa m'mphuno. Asanamate anayang'anitsitsa kamuvi kojambulidwa pa botolo lija, kuti kaloze kumene madzi akupita. Atamata anagwira polumikizapo ndi manja awiri osasuntha, milomo ikuyenda. Ndinkayesa akupemphera. Nditakula anandiuza kuti ankangowerenga mpaka makumi atatu kuti guluu agwire, ngakhale ine ndikuganiza kuti ankachita zonse ziwiri.

Lachisanu kunangotsala mchere. Matumba asanu ndi limodzi anali atatsamira khoma, ndipo kabukuko kanati mcherewo uyenera kugona m'madzi n'kusungunuka wonse makina asanayatsidwe. Abambo atangosenza thumba loyamba, Abiti Juma, mayi wophika panyumbapo, anatuluka m'khitchini chipande chili m'manja.

"Iii, Che Saidi! Wothira ndinu? Munthu wa pabanja?"

"Si ndiwo izi, mayi. Ndi dziwe."

"Nanga ana aja akamasambira amatseka pakamwa? Kamtsikana ka bwana kaja n'ka chifuwa kale. Mukadula mwana wa eni, musadzati sindinanene."

Kwathu, monganso kuno, anthu ankakhulupirira kuti munthu wamkulu amene wakhala malo amodzi ndi mkazi kapena mwamuna wake akathira mchere m'chakudya, mwana wodyayo amadwala mdulo, umene pa Chiyao timati ndaka. Amatsokomola, amatupa miyendo, mwinanso kufa kumene. N'chifukwa chake amayi ambiri ankaitana mwana wamng'ono kuti adzathire mchere m'ndiwo. Abambo sankakhulupirira zimenezo, ankati m'chipembedzo mulibe. Akanatha kukhuthula matumba onsewo ketulo isanawire. Koma anayang'ana Abiti Juma, mayi amene analera kamtsikanako kuyambira kali kakhanda. Anatsitsa thumba pansi.

"Yusufu, katenge mbale."

Ndinayamba. Kutapa m'thumba, kuyenda m'mbali mwa dziwe, kuwaza, kubwerera. Mcherewo unali wa mibulu, wotuwa, ndipo unapeza kachilonda kalikonse kamene ndinali nako m'manja. Simenti inkandiotcha ku mapazi. Abambo ankanditsatira ndi bulashi ya mpini wautali, kutakasa mchere wogona pansi. Abiti Juma anayamba aganiza kaye za bulashiyo, kenako anagamula kuti kutakasa si kuthira.

Dzuwa litafika pamutu ndinali nditangotha matumba awiri. Kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya Lachisanu. Abambo anayang'ana matumba anayi otsalawo, anayang'ana dzuwa, kenako anakasamba n'kuvala chisoti chawo.

"Usathamange," anandiuza. "Ukagweramo ndikhala ndi ntchito ziwiri."

Sanapite patali pamene galimoto inalira pa geti. Bwana anali atafulumira tsiku limodzi, pamodzi ndi adona ndi ana awo atatu. Anapeza makina osayatsa, matumba ali chiimire, mmisiri wake kulibe, ndipo m'mbali mwa dziwe muli mwana wa kabudula wong'ambika atanyamula mbale. Sanandikalipire. Anakoka mpando n'kukhala, akuyang'ana wotchi. Ine ndinapitiriza kuwaza, poti panalibe anandiuza kuti ndileke. M'mutu mwanga munali matenti a ku msasa ndi mzere wodikira ufa.

Abambo atafika, bwana anaimirira. "Che Saidi, ndinakusiyirani ntchito kapena masanje?"

Abiti Juma anali pakhomo la khitchini, atagwira chitenje kukamwa. Mawu amodzi okha akanakwanira kuti mlandu wonse ugwere iwo. Abambo sanayang'ane n'komwe kumeneko.

"Ndamutuma ndine, bwana. Mchere kuno amathira ndi mwana. Mapaipi ali bwino, mukhoza kukaona."

"Zachikale zimenezo! Nyamulani matumbawo mukhuthule pompano."

Abambo anangoima, chisoti chili m'manja. Sanakane, koma sanasunthe. Adona, mayi wa magalasi amene anaphunzira kunja, anayang'ana kamtsikana kawo kamene kankatsokomola pa masitepe, kenako anayang'ana wophika wawo.

"Musiyeni mwanayo amalize," anatero motsitsa mawu. Anatembenukira kwa anyamata awo awiri. "Inu, vulani nsapato. Katengeni mbale kwa Abiti Juma."

Anabwera ndi mbale zadothi za maluwa, zodyera alendo. Poyamba ankanyinyirika, koma posachedwa ntchitoyo inasanduka mpikisano, ndipo wamkuluyo anagweramo ndi malaya omwe. Pofika nthawi ya swala ya madzulo matumba onse anali atagona pansi opanda kanthu. Abambo anatsegula mipope n'kuyatsa pampu yokha, kuti madzi azizungulira.

Loweruka m'mawa tonse tinadzazana pakhomo la kanyumba ka pampu. Abambo anayendetsa dzanja pansi pa malo onse omata. Panali pouma. Anayatsa kabokosi kaja. Kanyale kofiira kanayaka, kanakhala choncho kanthawi kamene kwa ine kanatalika ngati ulendo wa ku Katuli, kenako kanazima, kobiriwira n'kuyaka. M'botolo muja munayamba kutuluka tithovu ting'onoting'ono ngati ta chakumwa chozizira. Bwana ananyonyomala pambali pa abambo, anayang'anitsitsa, n'kukhosomola pang'ono.

"Che Saidi, pampu ya pachitsime ija, mungaionenso?"

Tinakhala m'kachipinda kaja mpaka nkhondo inatha, ndipo itatha sitinabwerere, poti nyumba za m'mbali mwa nyanja zinali zitawadziwa abambo.

Masiku ano makina oterewa ali m'malo ambiri ogona alendo. Anyamata amang'amba thumba ndi mpeni n'kukhuthula, foni ili kukhutu, ndipo palibe amafunsa ngati ali pabanja. Malemu mkazi wanga ankaseka nkhaniyi mpaka misozi, komabe ankaitana mdzukulu kuti adzathire mchere. Ine sindiweruza kuti wolondola anali ndani. Abambo atakalamba, maso atayamba kuchita khungu, ndinawafunsa chifukwa chimene anaikira malo athu ogona pachiswe pa chinthu chimene sankachikhulupirira.

"Kamtsikana kaja kankadwaladwala," anatero. "Kakanatsokomola sabata yotsatira, Abiti Juma akanati analephera kukateteza. Paipi ndikanadula n'kumatanso. Mayi uja ndikanamumata ndi chiyani?"