Nkhupakupa ya Pamzere wa Njinga

Taganizani m'mawa wamba wa nyengo ya mphepo. Dzuwa latuluka, koma silikufunditsa munthu. Msewu wochoka kumene timakhala kupita m'tauni ndi wowongoka ngati anauyeza ndi chingwe, ndipo mitengo ya m'mbali mwake inathera pamoto kalekale. Mphepo imachokera kutauni komweko, n'kumabwera mumsewu ngati lole yopanda mabuleki. Malata a pagolosale akulira, majumbo akuuluka, mchenga ukulowa m'mano. Ukapalasa wekha umatchova mpaka ntchafu kuwotcha, koma ukacheuka umapeza nyumba yako ikukuyang'anabe.

N'chifukwa chake sitipalasa payekhapayekha. Timakumana pakhonde la golosale, tonse a njinga, ine ndemwe mphunzitsi, ndi makope a ana pakaliyala. Timanyamuka pamzere umodzi, tayala kutsatira tayala. Wakutsogolo ndiye amang'amba mphepo ndi chifuwa chake, enafe timabisala aliyense kumsana kwa mnzake. Akatopa amaimba belu n'kupatuka pang'ono, mzere wonse umamudutsa, iye n'kukapumira kumchira. Amene anali wachiwiri ndiye amasenza mtolowo. Ana asukulu amakwera nafe, koma satsogolera. Nthawi ya mwana ikakwana, kholo lake limadutsa n'kukatsogolera m'malo mwake. Lamulo lathu ndi lomwelo basi.

Mumzere umenewu munali munthu amene tinkamutcha Nkhupakupa. Pamaso tinkati bambo wometa, chifukwa ankameta anthu tsitsi m'kachipinda ka kuseri kwa siteji ya mabasi. Dzina linalo anamupatsa ndi Amayi a Mkaka, mayi wa mapewa otambalala amene amapachika zigubu za mkaka uku ndi uku kwa kaliyala, ndipo mawu awo pamzerepo sabwezedwa. Iwo anati, "Amene amathamanga ndi galu, koma nkhupakupa nayo imafika." Dzinalo linamata ngati mwini wake.

Amene anakula naye amati khalidweli ndi lakalekale. Anabadwa womaliza pa anyamata okhaokha, ndipo popita kumunda ankanyamula madzi akumwa pamene azichimwene ake ankanyamula makasu. M'kalasi ankakhala kumbuyo kwa mnyamata wamtali kuposa onse, kuti chala cha aphunzitsi chisamupeze. Atakula anakwatira mkazi wosoka zovala, wolimbikira ngati njuchi, n'kukhazikika kuseri kwa makina ake osokera. Anthu ena pamoyo amafunafuna mwayi, koma mkuluyu ankafunafuna msana.

Njinga yake inali yokongola kuposa zathu zonse. Inali ndi magalasi awiri, chishalo chokutidwa ndi nsalu yaubweya imene anasoka mkazi wake, ndi belu lolira ngati la patchalitchi. Belulo linali lisanagwirepo ntchito yake, pakuti pamzere amaimba belu ndi munthu amene watsogolera.

Malo ake anali kumbuyo kwa Wabuledi, mnyamata wosalankhulalankhula amene makireti ake amasanjikizana mpaka kupitirira mutu. Kuseri kwa makireti amenewo munthu akhoza kuyatsa machesi. Ndiye Wabuledi akayamba kutopa, zimene mkuluyu ankazidziwa poona kugwedezeka kwa mapewa, tcheni cha njinga yokongola ija chinkagwa. Tsiku lina mwendo wa buluku wakodwa. Tsiku lina foni yalira, ngakhale palibe amene waimva. Tsiku lina ndi chikhodzodzo. Ankatsika kamphindi, n'kugwira mchira mzere usanapite patali, ndipo kumchirako ankapezako ndani? Wabuledi yemwe uja akupuma, makireti ali njo. Tinkamulekerera chifukwa kukangana kumafuna mpweya, ndipo mpweya m'mawa umakhala wochepa.

Koma mukanamuona masana m'kachipinda kake! Galasi long'aluka pakona, mpando wozungulira womatidwa tepi, zipeso m'kapu yothyoka chogwirira, fungo la sipiriti, tsitsi la anthu lili mbwee pansi. Munthu amene wamangidwa nsalu m'khosi, makina ali pakhutu, sathawa nkhani.

"Mphepo, achimwene, ili ngati apongozi," ankatero uku akupukuta lumo. "Suyang'anizana nayo maso ndi maso. Umawerama. Zigongono mkati. Jekete utseke mpaka m'khosi, lisamafufume. Osatchova mwaukali ayi, kumangozungulitsa miyendo mofatsa. Ine m'mawa uliwonse ndimakoka chigulu cha anthu kumbuyo kwangaku."

Zonse zimene ankanenazo ndi zoona, kupatula mawu omalizawo. Anaziphunzira poyang'ana misana ya anzake.

Ndiye mwana wake wachisamba anasankhidwa kupita kusekondale ya m'tauni, kumene ndimaphunzitsa. Tinkamutcha Kanyerere, chifukwa anali kamtsikana kowonda konyamula chikwama chachikulu kuposa iko komwe. Anali mwana wofunsa mafunso, amene akalakwa samu amadzikwiyira yekha. Njinga yake inali yakale ya amalume ake, yopanda galasi ngakhale belu. Pasukulu pathu geti limatsekedwa nthawi ikangokwana, ndipo wochedwa amabwezedwa. Akazolowera kuchedwa, malo ake amapatsidwa wina, poti odikira ndi ambiri. Mwana wa miyendo ngati ija sangafike pa nthawi yake akulimbana yekha ndi mphepo imeneyi. Popanda mzere, sukulu ya Kanyerere ikanathera pamsewu.

Tsiku loyamba Amayi a Mkaka anayankhula pakhonde la golosale, akumanga zigubu zawo.

"Bambo wometa, mwana tamulandira. Nthawi yanuyo tinaiwala kale, sitikuifunanso. Koma ya mwanayu ikakwana, mudutse mukatsogolere."

"Aaa, mayi, zimenezo n'zofunsa? Magazi anga omwe! Lero muona fumbi."

"Fumbi tikuliona kale. Tikufuna tione msana wanu, sitiudziwa."

Tsiku limenelo tcheni chinagwa. Mwana, poti analeredwa bwino ndi mayi ake, anaima kuti athandize bambo ake, ndipo mzere unawasiya onse awiri. Ndili pawindo la kalasi ndinamuona mwanayo ataima kunja kwa geti, manja ali bii ndi girisi, akuyang'ana anzake akulowa. M'mawa mwake mkulu uja anabwera atamanga bondo ndi bandeji, akutsimphina mpaka pamene anakwera njinga. Anzathu anatsogolera m'malo mwa mwanayo uku akung'ung'udza. Zinapitirira choncho mpaka bambo wina wowotcherera zitsulo, amene amatsogolera m'malo mwa mapasa ake onse awiri kuwonjezera pa nthawi yake, anakana.

"Ine ndikufa ndi ana anga, ndifenso ndi ana a munthu wamoyo? Ngati zili choncho, nanenso bondo langa liyamba mawa."

Amayi a Mkaka anaona kuti mzere ukhoza kupasuka. "Lolemba mukapanda kutsogolera, mwana atuluka mumzere," anamuuza wometa uja. Mawuwo anandiwawa, koma sindikanawatsutsa. Amati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Pakhomo limeneli zinali zodya akulu, zikupota mwana.

Lamulungu masana ndinapita kunyumba kwawo. Pabalaza panali podzaza ndi mayunifolomu a ana a anthu, ena opachikidwa pachingwe, ena pampando, timapisi ta nsalu tili paliponse. Mayi a Kanyerere anali pamakina, mapazi akupondaponda osaleka. Mwana anali pakona ndi buku, akuchita ngati sakumva. Mwini nyumba anali pakhomo, akupukuta magalasi a njinga.

"Aphunzitsi, musade nkhawa," anatero ndisanamalize n'komwe. "Masiku onsewa ndimasunga mphamvu."

"Munayamba kusunga tsiku la ukwati wathu," anayankha mkazi wake osadzutsa mutu. "Ziyenera kuti zachuluka."

"Wamva, mwana wanga, mmene amayi ako amandinyozera pamaso pa alendo?"

"Ine ndimapalasa makina awa kuyambira m'mawa mpaka kulowa kwa dzuwa, aphunzitsi," mayiwo anapitiriza. "Ndipalasenso njinga? Ndiye bambowa ntchito yawo ikhala chiyani, kuyang'ana pagalasi?"

Lolemba kunacha ndi mphepo yoipa kuposa masiku onse. Chikwangwani cha pagolosale tinachipeza m'ngalande. Amayi a Mkaka anandandika mzere okha: Wabuledi kutsogolo, Kanyerere wachiwiri, bambo ake achitatu, iwowo achinayi kuti aziona bwinobwino. Tcheni cha njinga yokongola ija anachigwira ndi dzanja lawo, n'kunena kuti chili bwino.

Wabuledi anakoka mtunda wautali kuposa masiku onse, ndipo ndikhulupirira kuti ankafuna kumufikitsa mwanayo pafupi. Koma pamlatho mphepo imabwera pawiri, ina mumsewu, ina mumtsinje. Mapewa ake anagwedezeka, anaimba belu, n'kupatuka. Makireti atachoka, mphepo yonse inamugwera Kanyerere kumaso.

Tonse tinadikira kuti njinga ya magalasi idutse. Dzanja la mkulu uja linalowa m'thumba.

"Halo? Halo? Sindikukumvani, kuli mphepo!"

Mwana anacheuka kamodzi kokha. Kenako anawerama, n'kulowetsa zigongono mkati monga mmene ankamvera bambo ake akulalikira, n'kuyamba kutchova. Chikwama chinkamukokera uku, mphepo inkamukankhira uko, tayala lakutsogolo likunjenjemera molunjika kungalande. Mzere wonse unatsala pang'ono kuima, koma sunaime.

Nanga bambo ake? Anabweza foni m'thumba, n'kusendera pafupi ndi tayala la mwanayo. Kenako munthu wamkulu, wandevu zake, anadzipinda ngati mpeni wa m'thumba, chibwano chikukhudza chiwongolero, kuti akwane kuseri kwa kamsana kaja. Sindikhulupirira kuti anaganiza n'komwe. Thupi linangochita zimene linazolowera.

"Inu bambo inu!" anakuwa Amayi a Mkaka. "Munabereka mwana kapena mpanda?"

Sanagwedezeke. Wowotcherera anamutukwana mawu amene sindingalembe, koma osagwedezekabe. Chinamudzutsa ndi chinthu china. Pamlathopo pankadutsa anthu oyenda pansi, ndipo mmodzi mwa iwo anali kondakitala wa basi amene amametetsa kwa iye. Anaima, n'kugwira m'chiuno.

"Ameta! Si inu mumakoka chigulu cha anthu aja? Kapena injini yake ndi kamwanaka?"

Mwana wake akulunjika kungalande sanamve kanthu, koma kasitomala ataseka, magazi anathamanga. Anadutsa. Kwa nthawi yoyamba tinauona msana wake, ndipo unali msana wamba ngati wa munthu aliyense. Zonse zimene ankaphunzitsa anthu pampando wozungulira zinauluka. Anaimirira pamapedulo, chifuwa chili chilili, jekete litafufuma ngati pilo, kukamwa kuli yasa, akutchova mwaukali ngati akupha njoka.

"Ababa, weramani!" anafuula Kanyerere. "Zigongono mkati!"

Titafika pathanki ya madzi ya m'mbali mwa msewu, belu lija linalira. Linalira kwa nthawi yaitali, ngati kwagwa maliro. Mkulu uja anapatuka, n'kutsika, n'kukhala pamwala akutsokomola. Nthawiyi mwana sanaime. Amayi a Mkaka anali atamudutsa kale, zigubu zawo zikumutchinga, ndipo mwanayo anafika pageti lisanatsekedwe.

M'mawa mwake, pakhonde la golosale, wometa anafika akuyenda ngati msilikali wochokera kunkhondo.

"Mwaona? Lamulo ndakwaniritsa."

"Amene wakwaniritsa ndi mwanayu," anatero Amayi a Mkaka. "Malo ake wagula ndi miyendo yake. Kuyambira lero nthawi yake ndi yanga."

"Tizigawana," anatero Wabuledi, ndipo pa m'mawa wonse anayankhula mawu okhawo.

Wowotcherera anayang'ana kamtsikanako, n'kuyang'ana mapasa ake, n'kungoti, "Chabwino." Kenako anatembenukira kwa wometa. "Koma inu, achimwene, musamatinamizenso za tcheni. Muzingokhala kumchirako phee, tizidziwa kuti tanyamula katundu."

Kanyerere sanachedwenso mpaka anamaliza sukulu. Miyendo ija inakhwima, ndipo chaka chake chomaliza ankatsogolera yekha, atagula belu lakelake. Bambo ake akadali kumchira, chifukwa msewu sungaletse munthu. Nkhani ya Lolemba lija amaikambabe m'kachipinda kaja, ndipo mtunda wake umakula chaka ndi chaka. Ndinamva kuti tsopano amayambira pagolosale n'kukathera pageti la sukulu, mwana ali pakaliyala.

Ife tinalipo. Pa zaka zonse zimene wakwera nafe, bambo wometa anatsogolera mzere kamodzi, kuchokera kumapeto kwa mlatho kukafika pathanki ya madzi, mtunda umene munthu woyenda pansi amaumaliza asanathe kudya nthochi.