Zam'bokosi la a Onjezani

Ndagwira ntchito pa kauntala ya malo ogulitsira nkhuku ndi tchipisi kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo makasitomala ena ndimawadziwa ndi makutu ndisanawaone. A Onjezani ndinkawadziwira mabuleki. Ikangokwana 12 koloko, panja pankamveka "tsiiii!" lole yaikulu ikupuma, ine n'kutembenukira ku khitchini kukuwa kuti, "Afika eni ake, thirani mafuta ena!"

Dzina lawo lenileni lili pa laisensi, ife sitinalifunsepo. Tinkawatchula a Onjezani chifukwa ndiwo mawu amene ankakhala pafupi pakamwa pawo. Ukawaikira tchipisi, "Onjezani." Ukawaza mchere, "Onjezani." Mayonezi ndiye osanena, ankachita kukugwira mkono kuti usaleke kufinya. Anali bambo wa thupi lake, woti akamatsika, lole inkaoneka kuti yathokoza. Anali atayendetsa malole a kampani yonyamula katundu ya kuseri kwathuku zaka 26 osagundapo ngakhale nkhuku, ndipo ankanena okha kuti nkhuku zonse zimene anazipulumutsa pamsewu amadzakumana nazo kwa ife.

Chakudya sankaitanitsa ngati anthu ena onse. Ankaima pakhomo penipeni, manja m'chiuno, n'kufuula kuti ngakhale odutsa mumsewu amve: "Achemwali! Nkhuku yokazinga zidutswa zinayi, tchipisi chachikulu, mayonezi osaumira, ndi kapu yaikulu ya zotsekemera zija!" Kumbuyo kwawo kunkabwera anzawo awiri a pantchito, a Mabuleki, owonda ngati ndodo ya mopu koma pakamwa pakuthwa, ndi a Hutala, amene sankadziwa kunong'ona. Kwa madalaivala amenewa mwamuna ankapimidwa ndi kulemera kwa bokosi lake. A Mabuleki akaona munthu akudya saladi, ankadutsa pafupi n'kulira chapansipansi ngati mbuzi kuti "Meee," ndipo munthuyo tsiku lotsatira ankagula tchipisi.

Lolemba lina a Onjezani anatulukira cha m'ma 10 koloko, wapansi, ali okha. Sanaime pakhomo. Anabwera mpaka pa kauntala, n'kuwerama ngati munthu wodzabwereka mchere.

"Achemwali, zandivuta," anatero. "A nesi a ku kampani atipima tonse Lachisanu. Ine akuti BP yakwera moti makina awo anachita kulira. Andipatsa mapiritsi ndi miyezi itatu. Ikapanda kutsika, makiyi andilanda, akandiika pa geti."

"Pa geti?"

"Kutsegulira anzanga. Tangoganizani, ine kuthamanga ndi mimba iyi kukatsegulira Mabuleki, iye akundiimbira hutala!"

Anaseka, koma maso anali atafiira. Kenako anayang'ana m'manja mwawo, momwe munali zikang'a. "Chiwongolero ndi chokhacho chimene ndimadziwa, achemwali. Ana anga anayi aphunzira nacho." Ine ndine munthu wa chipongwe, aliyense amadziwa, koma tsiku limenelo anandimvetsa chisoni zedi.

Ndinawauza kuti panjira sangaleke kudya, ndipo mkazi wawo sangamawatsatire ndi mbale kulikonse. Koma pamalo omwewa pali njira. Nkhuku ikhale yowotcha, chikopa achotse. M'malo mwa phiri la tchipisi, saladi wa kabichi ndi nkhaka, wopanda mayonezi. Sosi akhale pambali, azingosunsa. Mchere wa patebulo aziupatsa moni chabe. Ndipo m'kapu mukhale madzi.

Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu. "Zonsezo ndingathe. Koma Mabuleki? Zaka zonsezi ndakhala ndikumuthandiza kulira meee."

Apa ndi pamene tinapangana zimene mpaka lero ndikazikumbuka ndimaseka ndekha m'bafa. A Onjezani azifuula pakhomo monga mwa masiku onse, osachotsa ngakhale mawu amodzi. Ine ndizivomera kuti "Zamveka, bwana!" koma m'bokosi lalikulu lomwelo ndiziika nkhuku yowotcha ndi saladi, pamwamba n'kufolera timitengo khumi ta tchipisi, kuti wosuzumira aone denga lokha. Kapu zathu n'zapepala, zovundikira, ndiye madzi ndi zotsekemera sizisiyana ukamayamwa ndi kapaipi.

Zinayenda bwino kuposa mmene ndinkaganizira. A Onjezani anayamba kudya chivundikiro cha bokosi chili chiimire ngati boneti ya galimoto yowonongeka, mutu uli m'kati. Nthawi ndi nthawi ankatulutsa kamtengo ka tchipisi, kukakweza m'mwamba kuti dziko lione, n'kukadya mwaulemu. Vuto linali kabichi, chifukwa kabichi sasunga chinsinsi, amalira m'kamwa. A Hutala atafunsa kuti phokosolo n'lachiyani, iwo anayankha kuti, "Tchipisi cha lero chauma bwino, amwene." Akamwa madzi ankachita kugeya mwadala, n'kudzisisita pamimba.

Patatha milungu itatu, cha m'ma 10 koloko, ndinangoona munthu wowonda akuwerama pa kauntala yanga. A Mabuleki! Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Achemwali, musauze munthu," anatero. "A nesi akuti shuga. Ine kuwonda konseku, shuga akukhala pati? Koma Onjezani akadziwa, ndatha."

Ndinadziluma lilime mpaka kumva kuwawa. Ndinawauza kuti ndili ndi nzeru ina imene sindinauzepo aliyense. Mlungu usanathe a Hutala nawonso anabwera, ndipo kunong'ona kwawo kunamveka mpaka ku khitchini.

Ndiye taonani ntchito yanga masana aliwonse. Abambo atatu akuluakulu akufuula pakhomo za mafuta ndi mayonezi, kenako n'kukhala patebulo limodzi, maboneti atatu ali chiimire, aliyense akukukuta kabichi mobisa, aliyense akuyamikira kuti tchipisi cha masiku ano chikuuma bwino. Ine ndinkathawira kuseri kwa firiji kukaseka, misozi ili chuchuchu. Lamba wa a Onjezani anayamba kukhwepa, ndipo anaboola bowo lina ndi msomali. A Mabuleki atafunsa, iwo anati ndi misewu yokumbikakumbika imene ikuwasefa.

Utatsala mlungu umodzi kuti a nesi apimenso, wokazinga wathu sanabwere ku ntchito, mkazi wake anali atachira ku chipatala. A manijala anandituma ine ku mafuta, iwo n'kuima pa kauntala. Mayi amenewa ndi abwino, koma chimene kasitomala wanena ndi chomwecho, sachotsa ndipo sawonjeza. Ndisanapeze mpata wowauza, panja panamveka "tsiiii!"

Atatu aja anafuula monga mwa chizolowezi. Ine pa kawindo ka khitchini ndinagwedeza chipande, kutsinzinira, kutsokomola, koma palibe anandiona. A manijala analongeza okha, anafinya mayonezi ndi mtima wonse, n'kupereka mabokosi olemera ngati njerwa.

Maboneti anatseguka. Fungo linakwera. Aliyense anasuzumira m'bokosi mwake.

Ndinaona dzanja la a Onjezani likulowa m'bokosi n'kutuluka ndi ntchafu yonyezimira mafuta. Anali atandiuzapo kale kuti iwo si munthu wolawa, akangoyamba ndiye kuti mabuleki aduka pamtsetse, ndipo ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ntchafu ija inafika pafupi ndi mphuno, inaima pamenepo, kenako inabwerera. Anatseka bokosi, n'kuimirira.

"Amwene," anatero, "lirani meee ngati mukufuna. Ine miyezi itatu yonseyi ndakhala ndikudya masamba ndi madzi. BP yandigwira pakhosi. Kuli bwino mundiseke ndili pa chiwongolero kusiyana n'kuti muzindilemekeza ndili pa geti."

A Mabuleki anayang'ana bokosi lawo, losakhudzidwa. Anayang'ana la a Hutala, losakhudzidwanso. Kenako anakweza dzanja pang'onopang'ono ngati mwana wa sukulu wosatsimikiza yankho.

"Meee," anatero. "Koma ndikudzilirira ndekha, amwene. Ine ndi shuga."

A Hutala anaphulika kuseka mpaka kapu inagwa. "Ndiye tonse ndife khola limodzi!" Anamenyana m'mapewa, kulozana, kukumbutsana za tchipisi chouma bwino, ndipo makasitomala ena anaseka nawo osadziwa n'komwe nkhani yake. Kenako onse atatu anatembenukira ku kawindo kanga. A manijala nawonso anatembenuka. Ndinaganiza kuti ntchito yatha basi, koma mayiwo anangoti, "Ndiye n'chifukwa chake kabichi akumatha msanga?" Anawasinthira okha mabokosi aja.

Tsiku lopimanso linali Lachinayi. Dzulo lake a Onjezani anandiuza kuti, "Mukamva mabuleki, ndiye kuti zayenda. Ndikabwera wapansi, musandifunse kanthu, mungondipatsa madzi."

Inakwana 12 koloko, panja panali chete. A Mabuleki ndi a Hutala, amene anali atapimidwa kale m'mawa n'kupatsidwa makiyi awo, anakhala patebulo osaitanitsa kanthu, maso ali kumsewu. Hafu pasiti inadutsa. Ine ndinapatsa mayi wina mapiko pamene anaitanitsa chifuwa, n'kuthira sosi m'kapu ya munthu. Aliyense wodutsa wapansi pawindo ankandidula mtima. Ndinali ndi mantha ngati wopimidwayo ndi bambo anga ondibereka.

Itangodutsa 1 koloko, galasi la pakhomo linanjenjemera.

"Tsiiii!"

A Hutala anakuwa moti mwana wina analira. A Onjezani anatsika, anaima pakhomo, manja m'chiuno, buluku likufuna kugwa, n'kufuula kuti odutsa mumsewu amve: "Achemwali! Nkhuku yowotcha yopanda chikopa, saladi wopanda mayonezi, sosi pambali, ndi madzi!" A Mabuleki analira meee wachisangalalo, wautali, ataimirira pampando.

Atafika pa kauntala anaika makiyi a lole patsogolo panga. "A nesi apima kawiri, amaganiza kuti makina awonongeka," anatero. "Mapiritsi ndisaleke, akutero, koma chiwongolero ndi changa." Ine, wachipongwe uja, ndinalira pamaso pa makasitomala, yunifolomu yonse kunyowa.

Ndinalongeza bokosi ndikufwenthera, ndipo pamwamba ndinafolera timitengo khumi ta tchipisi, poti dzanja linazolowera. A Onjezani anayang'ana timitengo tija, anayang'ananso chipande chimene chinali m'manja mwanga, chodzaza, chikudikira. Milomo yawo inayamba kuzungulira, ndipo ndinkadziwa mawu amene ankabwera, ndinali nditawamva kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

Anatola makiyi awo, n'kunyamula bokosi.

"Zakwana, achemwali," anatero.