Achemwali anga aonda, ndipo ndikuthokoza

Lachiwiri ndinaperekeza achemwali anga, a Esinati, ku sikelo yawo ya impso kuchipatala cha pa boma. Pobwerera, tikudikira basi pa Chitakale, mayi wina wa kumpingo kwathu anawagwira mkono n'kuwayang'ana mwachisoni.

"Iii, koma mwaondatu amayi! Mwayambanso kudwala?"

Achemwali anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Ayi amwali, kuondaku ndiye kuchira kwangako."

Mayi uja sanamvetse, ndipo sindikumudzudzula. Kwathu kuno wonenepa ndiye ali bwino. Inenso, ndi sukulu yangayi, ndinkaganiza choncho.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, achemwali akuthyola tiyi ku esiteti, anayamba kudzuka zikope zitatupa. Kenako miyendo, kenako mimba. Mkodzo unkachita thovu ngati wathiramo sopo. Atawatumiza ku Blantyre, madokotala anati ndi nthenda yosowa: chitetezo cha m'thupi mwawo momwe chinali kuwononga impso, ndipo zomanga thupi zinkatayikira mumkodzo. Anawapatsa timapiritsi toyera totchedwa puredinisoloni, tokamwa m'mawa uliwonse.

Patapita masabata angapo miyendo inaphwa. Nkhope yokha ndiyo inakhuta, masaya bulunge. Kutchalitchi anthu ankawayamikira kuti alamu anga akuwasunga bwino. Sitinadziwe kuti masayawo anali a mankhwala.

Apa ndi pamene ine, mphunzitsi wa banja lonse, ndinatsegula pakamwa.

"Achemwali, mwachira inu. Taonani thupi. Mapiritsiwa mukumweranji? Mankhwala akachuluka amaononga magazi."

"Komatu adokotala anati ndisasiye, achimwene."

"Amangotero onsewo."

Anandimvera, poti ndimavala tayi. Sabata isanathe anagwa m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana, akusanza, osatha kuima. Anzawo anawanyamula mpaka pamsewu. Kutupa kuja kunabwerera kuposa kale.

Wothandizira dokotala amene anawalandira kuchipatala anali bambo wamfupi, wolankhula Chichewa cha kumpoto. Anandiitanira pakhonde.

"Aphunzitsi, mwana amaletsedwa kuyamwa tsiku limodzi?"

Ndinati ayi.

"Mankhwala awa thupi limawazolowera, n'kuleka kupanga ake. Timachepetsa pang'onopang'ono, ndipo wochepetsayo ndife, titaona mkodzo. Mukanawaika m'manda alongo anu."

Ndinachita manyazi omwe sindinawaiwale. Koma bamboyo sanatitaye. Mwezi ndi mwezi ankatenthetsa mkodzo wa achemwali m'kabotolo pa kanyale, n'kutionetsa tonse: ukachita mbuu, nthenda ikadalipo, ukayera, tichotseko piritsi limodzi. Alamu atadandaula kuti kuchepetsako ndiye kuti achipatala agwa ulesi, anawakhazika pansi n'kuwafotokozeranso kuyambira pachiyambi, osakweza mawu.

Sindikunamizeni kuti nthendayi inatheratu. Yabwerako kawiri, ndipo kawiri konse ayambiranso mapiritsi ambiri n'kutsika nawo. Mankhwalawo ali ndi zake. Msana umawawawa, kuthyola tiyi anasiya, ndipo amawayeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi nthawi zonse. Khadi lachipatala amalimanga pamfundo ya chitenje pamodzi ndi la chipani, ndipo amati akaiwala la chipani angobwezedwa pamsika, koma linalo sangayerekeze. Lero akumwa kapiritsi kamodzi, impso zikugwira ntchito, ndipo mwana wawo wamkazi, yemwe anali kumbuyo nthawi imeneyo, ali Sitandade 4.

Bambo uja anasamutsidwa kalekale. Sindinamuthokoze, chifukwa ndinkazemba kukumana naye maso. Ngati nyuzipepala ino imafika komwe muli, bambo, zikomo. Mlongo wanga ali moyo.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti aphunzitsi a mtundu wanga tilipo ambiri. Pamaliro, m'basi, pa chigayo, aliyense ndi dokotala. Wodwala akangodzuka n'kusesa pakhomo, timamuuza kuti wachira, asiye. Mapiritsi otsala timagawira mnansi amene watupa miyendo, osadziwa ngati ndi impso, mtima kapena pakati. Timachita zimenezi mwachikondi, inde, ngati mmene ndinachitira ine.

Tsono inu amene dzulo munauza m'bale wanu kuti akuoneka bwino, aleke kumwa mankhwala, mkodzo wake munauyeza? Nanga akagwa, mudzakhalapo kuti mumunyamule?