Mboni ya Njinga Yamoto Yanga

Ine ndine munthu wopsa mtima msanga, ndipo sindibisa. Koma tsiku limene ndidagula njinga yamoto kwa alangizi a thonje, mtima udali zii, nzeru ndi zimene zidandithawa. Ndidapereka ndalama za thonje la zaka ziwiri, kuphatikizapo za mbuzi zinayi, popanda ngakhale kapepala kolemba ndi pensulo.

Nthawi imeneyo ndinkakhala kwa Lundu. Mvula ikagwa ndinkalima thonje, chilimwe ndinkagula makakana ndi milamba youma kwa asodzi n'kukagulitsa pa Chikwawa. Amene sadapalasepo njinga mumchenga wakuchigwa kuno mu Okutobala, dengu la nsomba lili kumbuyo, asandiuze za mavuto. Ndinkafika pamsika malaya ali chonyowa, ngakhale khadi la chipani m'thumba litafewa ndi thukuta, anyamata achipani apachipata n'kumandikalipira kuti sindilisamala. Choncho nditamva kuti alangizi akufuna kugulitsa njinga yawo, tulo tidandithera.

Alangiziwo adali bambo wa kwa Ndamera, Msena wofatsa, amene adatiphunzitsa kupopera thonje tisanaone mbozi ndi maso. Sadandinamize. Adandikhazika pakhonde n'kundiuza zonse: njingayo adaitenga pangongole ku ofesi kwawo, amawadula pamalipiro mwezi ndi mwezi, ndipo patsala miyezi isanu ndi umodzi. Buku la umwini wa njinga, lija timati bulubuku, lidali lotsekeredwa ku ofesi mpaka ngongole itatha. Lamulo silinkalola kugulitsa ngongole isanathe, ndiye kulemberana kalata kudali kudzitchera msampha tokha.

"Inu mundipatse zonse lero," adatero alangizi. "Ngongole ndi yanga, ndimaliza ndine. Ikatha, bulubuku ndidzakupatsirani m'manja. Koma anthu akafunsa, muziti mwabwereka."

Tidalipo atatu basi: ine, iwo ndi akazi awo. Mayiwo ndi amene adawerenga ndalama, pang'onopang'ono, kawiri, n'kuzimanga pakansalu. Adangoti, "Takhuta," kuthokoza kwa Chisena, n'kulowa m'nyumba. Sindidawayang'ane kawiri. Maso anga adali pa njinga.

Ndiye ndidabwerekadi! Pamsika ndidabwereka, kutchalitchi ndidabwereka, pamaliro ndidabwereka. Aliyense wondifunsa ndinkamuyankha mokweza, ngati kuti ndikulengeza pamsonkhano, "Ndi ya alangizi iyi, angondibwereka." Ndinkadziona wochenjera kwabasi. Sindinkadziwa kuti ndikudzisonkhanitsira mboni zodzanditsutsa, boma lonse la Chikwawa.

Patapita miyezi itatu alangizi adadwala. Sabata imodzi yokha kuchipatala, basi, adatisiya. Ndikuvomereza, ndipo manyazi ndikadali nawo mpaka lero: uthenga utandipeza, choyamba kubwera m'mutu mwanga sadali malemu, sadali ana awo awiri. Idali njinga. Ndidaikankhira m'nyumba, n'kuifunditsa mphasa, ine n'kukwera basi kupita kwa Ndamera kumaliro.

Kumeneko kuli mwambo umene ndidaupezanso m'midzi yambiri kuchigwa kuno. Mawa lake maliro ataikidwa, anthu asanabalalike, mkulu wa banja amaimirira pabwalo n'kufunsa ngati alipo amene malemu adamukongola, kapena amene akusunga kanthu ka malemu. Wonena anene pomwepo, pamaso pa onse. Zimene zagamulidwa tsiku limenelo sizibwereranso. Ukabwera mwezi wamawa ndi nkhani yako, amangokufunsa kuti tsiku lija udali kuti.

Anthu adanena zawo zing'onozing'ono. Wina nkhuku, wina khasu. Kenaka adaimirira bambo wina wa ku ofesi ya malemu, atanyamula fayilo, nati pa njinga yamoto patsala ngongole ya miyezi itatu. Achibale asankhe: alipire, kapena abweze njinga.

Asanakhale n'komwe pansi, mng'ono wa malemu adalumpha. Adali mnyamata wamtali, wokwatira kumene, mawu ngati wailesi yabatire latsopano.

"Njinga ya achimwene ili kuti? Tamva kuti ili kwa Lundu, kwa bambo awo akhala apowo. Adabwereka. Abweze, ndi chuma cha banja."

Ndidaimirira osapempha n'komwe mpata.

"Ndidagula ine njinga imeneyo! Ndalama zonse ndidapereka, ngakhale tambala siidatsale!"

"Kalata ili kuti?" adafunsa mkulu wa banja, modekha.

Ndidalibe.

"Nanga si inu nomwe mwakhala mukuuza anthu kuti mudabwereka?"

Pabwalo padali anthu a kwa Lundu amene tidakwera nawo basi imodzi. Adayang'ana pansi. Mmodzi, mnzanga weniweni wodyera naye mbale imodzi, adavomera ndi mutu, poti ndi zimene adamva pakamwa panga. Sindingamunene. Ndidayamba kukuwa, kutchula Mulungu, kutchula mbuzi zanga zinayi, ndipo pamene ndinkakuwa kwambiri ndi pamene ndinkaoneka ngati wakuba wofuna kudyera pa maliro. Ndidaona thonje langa la zaka ziwiri likupita ndili maso.

Mayi wamasiye pa tsiku ngati limenelo sayankhula. Amakhala m'nyumba pamphasa, atazunguliridwa ndi amayi anzake, nkhani za chuma amakamba ndi amuna. Komanso kwa Asena, malowolo akaperekedwa, mkazi amakhala pamudzi wa mwamuna, ana ndi katundu n'za kuchimuna. Mwamuna akamwalira, kukhala kwako pamudzipo kumadalira kuti alamu ako akukuona bwanji. Mayi aja zonsezi ankazidziwa kuposa ine.

Tidangomva mawu kuchokera pakhomo.

"Nkhabe, ayi. Sadabwereke."

Mayi wamasiyeyo adali ataima pamenepo, maso otupa, amayi awiri akuwakoka nsalu kuti akhale pansi. Sadakweze mawu. Adati ndalama adawerenga ndi iwo, kawiri, pakhonde la nyumba yawo. Kenaka adatembenukira kwa mng'ono wa malemu uja.

"Alamu, ng'ombe zimene mudalowolera akazi anu mwezi wa thonje, mukuganiza kuti achimwene anu adazigula ndi chiyani? Ndi malipiro a ulangizi? Njinga mukuifunayo mudaidya kale. Ili m'nyumba mwanu, ikukuphikirani."

Kalanga ine! Mnyamata uja adakhala pansi. Mkulu wa banja adayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

Bambo wa ku ofesi adakhosomola, nati ngati zili choncho ndiye kuti lamulo lidaswedwa, ndipo njinga iyenera kulandidwa. Apa ndidati basi, zathera pompa. Koma mayiwo adamuyankha iyenso.

"Woswa lamuloyo ndi amene mudamuika dzulo uja. Ngati pali chilango, kamupatseni. Ngongole yotsalayo dulani pa ndalama zake za imfa zimene mudati zidzabwera kwa ine. Amuna anga adalonjeza kuti amaliza okha. Asagone uko ndi dzina loti adadya za munthu."

Bamboyo adatsegula fayilo, nalemba, nati, "Ine za kugulitsa sindidamve. Ndamva za kudula." Mkulu wa banja adagamula kuti njinga ndi yanga, ndipo nkhani idatsekedwa.

Ndakhala ndikuona amuna olimba mtima m'moyo mwanga, ena okoka mnzawo m'kamwa mwa ng'ona. Koma kulimba mtima kwa mayi amene aja, oima pakhomo la eni, tsiku loti akadangokhala chete n'kusunga malo awo, sindidakuonenso kwina. Ine sindidali m'bale wawo. Sitidayankhulanepo mawu opitirira moni.

Bulubuku lidandipeza patapita miyezi iwiri, dzina langa lili momwemo. Ndidagulitsa nsomba milungu ingapo osadyapo phindu, mpaka ndidakwanitsa ndalama zofanana ndi zimene adawadula zija. Ndidayatsa njinga m'mawa, ulendo wa kwa Ndamera, ndikudziyamikira m'njira kuti ndine munthu wodziwa kuthokoza.

Mayi aja ndidawapeza pamsewu, asanafike n'komwe patali ndi mudzi, mtolo wa nsalu uli pamutu, poto mmodzi m'manja. Alamu awo adali atawauza kuti pakamwa pawo mpakuthwa, abwerere kwawo. Kwawo kudali kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, kumene masiku amenewo anthu ankathawako nkhondo kubwera kuno. Ana onse awiri adatsala pamudzi.

Magazi adandikwera kumutu. Ndidati nditembenuze njinga ndikamuonetse mnyamata uja kuti ine ndine ndani.

"Mukakamenya munthu kumeneko, adzalipira ndi ana anga," adatero mayiwo. "Khalani chete kamodzi, baba."

Ndidakhala chete. Ndidatulutsa ndalama zija. Sadazikhudze.

"Mukufuna mugule njinga imodzi kawiri? Bwezani m'thumba."

Ndidachonderera, ndidakwiya, ndidachondereranso. Adakana ndithu. Chimene adalola n'choti ndiwanyamule mpaka pamalire pa Marka. Tidamanga mtolo kumbuyo, iwo adakhala chammbali atagwira poto wawo pamiyendo. Tinkadutsana ndi anthu obwera kuchokera kutsidya, akatundu pamutu, ana kumsana, onse akuyang'ana kumene ife tinkachokera.

Pamalire adatsika, adakonza nsalu, adasenza mtolo. Ndidayesanso kotsiriza, ndalama zili m'manja. Adandiyang'ana, kenaka adayang'ana njinga.

"Ngati mtima ukukuvutani, ndalama ayi. Inu muli ndi miyendo yothamanga tsopano. Muzipita kukawaona ana anga. Wamng'onoyo akadwala sanena, amangosiya kudya. Muziyang'ana mbale yake."

Adawoloka. Sindidawaonenso, ndipo ndidafunsa anthu ambiri obwera kuchokera kumeneko.

Loweruka loyamba la mwezi wotsatira ndidamanga nsomba pang'ono ndi sopo, n'kupita kwa Ndamera. Mng'ono wa malemu adandiona ndikulowa pamudzi, ndipo ine, munthu wosaugwira mtima, ndidavula chipewa n'kumupatsa moni wa manja awiri, poti popanda iye sindikadaloledwa kukhala pamphasa ndi anawo. Ndidachita zimenezo mwezi ndi mwezi, zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka wamng'onoyo adapita kusekondale. Ulendo uliwonse mwanayo ankandifunsa ngati amayi ake anditumako mawu, ndipo ine ndinkamuyankha kuti adandituma kamodzi kokha, ndiye ndi amenewa ndabwera nawowa.