Tsiku Limene Ndinatsekera Azakhali Chitseko

Amayi anayamba kutsokomola Lachiwiri, ndipo ndinalemba m'kope langa monga ndimalembera zonse. Abambo anati ndi chimfine. Aliyense kwathu kwa Tengani ankanena kuti kolona ndi matenda a ku Blantyre kozizira, kuno dzuwa lingamuwotche asanatsike minibasi.

Chimfine ndimachidziwa. Chikawagwira amayi amayetsemula, mphuno zimatsekeka, masiku atatu basi. Ulendo uno mphuno zinali zotseguka bwinobwino, koma Lachinayi anatenga dengu la milamba yowamba yomwe inali itayamba kuvunda, n'kumalikonza kuti akagulitse ku Bangula. Ine ndinkamva fungolo ndili kuseri kwa nyumba. Iwo, amene amabweza nsomba kwa asodzi atangoinunkhiza kamodzi, sanamve kanthu. Pa wailesi anali atanena kuti chimfine ndi kolona zimafanana, chosiyanitsa chenicheni ndi kuyezetsa, koma kusamva fungo ndi chizindikiro chofunika kuchiopa.

Loweruka amayi anagona ndi thupi lotentha. Masana kunabwera azimayi anayi a kutchalitchi kudzawazonda, patsogolo pali azakhali anga, alongo awo a abambo. Azakhali ali ndi mphumu. Ngakhale fumbi la mapira limawagwetsa. Ndinadziwa kuti akalowa akhala pamphasa, n'kuwagwira amayi pamphumi ola lathunthu m'kachipinda kopanda zenera.

Ine ndimalephera ngakhale kukweza dzanja m'kalasi. Koma ndinakoka chitseko, ndinagwada pakhomo, n'kunena kuti sangalowe.

“Walonga ninji?” anafunsa azakhali m'Chisena, chomwe amayankhula akapsa mtima, kutanthauza kuti ndati chiyani.

“Pepani azakhali, simulowa. Mupempherere panja.”

Anati anandisambitsa ndili khanda, lero ndasanduka dokotala wa Fomu 2. Anzawo anaseka. Wina anati sukulu zikangotsekedwa ana amayamba kuphunzitsa akulu. Abambo anabwera kuchokera kukhola n'kundiuza kuti ndichoke, ndikuwachititsa manyazi. Misozi inkatsika. Ndinangoti andimenye ngati akufuna, koma ndichoka amayi akayezedwa.

Azakhali ndi anzawo aja anaimba nyimbo ziwiri pansi pa mtengo wa nimu, mokweza kuti wodwala amve, n'kumapita osanditsanzika.

Lolemba abambo anawakweza amayi pa njinga kupita kuchipatala. Anawapeza ndi kolona. Anachira patatha milungu itatu.

Azakhali sanadwale. Mpaka lero amauza anthu kuti ndine mwana wamwano, ndipo sindinapepese kachiwiri.