Mbasela ya Zitheba za ku Ulaya

Nchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa amake Taonga, mnzanga wa m'kwaya ya azimayi. Chaka chimenecho chimanga chathu ku Kanakantapa chinapsa ndi dzuwa, ana atatu akungondiyang'ana. Amake Taonga anandiuza kuti pa famu imene ankagwirapo akufuna anthu olongedza zitheba zopita ku Ulaya. Ndinati Ambuye amva kulira kwanga.

Ku famuko anandipatsa mlungu umodzi woyeserera. Kumutu kaneti, mphete vula, manja samba mpaka m'zigongono. Masiku atatu oyamba ndinkangosankha. Chitheba chizikhala chowongoka, chofika pa lula yoyezera, chopanda kadontho. Chopindika chinkapita m'kireti ya ng'ombe. Apa mutu unayamba kuzungulira. Ndinafunsa kapitawo wathu, ba Lungu, ngati chopindika chimawawa. Anati, "Amai, okudya ali kutali. Amadya na maso."

Tsiku lachinayi anandiika pa sikelo, kudzaza timabokosi tapulasitiki. Ine ndinakula ndikugulitsa ndiwo pamsika, ndipo kwathu munthu akagula umamuikirako mbasela, kapamwamba kaulere. Basi sikelo ikakwana, ndinkawonjezera zitheba zinayi, mumtima ndikuti Mulungu adalitse amene adzadye.

Masana makina omata pulasitiki pamwamba anayamba kukana. Ba Lungu anapima kabokosi kamodzi, kenako kena, n'kubwera pa tebulo langa.

"Amai, sikelo yanu yafa?"

"Iyai, ba kapitawo. Ni mbasela chabe."

Azimayi anafa ndi kuseka. Amake Taonga anabisa nkhope mu epuloni.

"Mbasela! Wamene azagula mumuziba? Ni mlamu wanu? Vikasiyana na vamene talemba pa bokosi, angabweze katundu yonse. Lole ya ku eyapoti ikapita vopanda mabokosi aya, mailo m'mawa osabwela ku nchito."

Mabokosiwo anali mulu, lole ili kale pageti. Ndinayamba kuchotsa zitheba, misozi ikunditsekereza manambala a sikelo. Kenako ndinamva wina akukoka kireti pambali panga. Azimayi aja amene ankandiseka anasiya chakudya chawo chamasana, aliyense n'kuima pa sikelo yake, akundinyodolabe kuti "ba Mbasela, fulumirani, azungu anu ali na njala." Lole inanyamuka ndi katundu yense. M'mawa mwake dzina langa linali likadali pa mndandanda wa anchito. Ndinagwada kuseri kwa shedi yolongedzeramo kuthokoza.

Pa wailesi ophunzira amatsutsana, ena akuti malonda a maiko akutitukula, ena akuti akutidyera. Ine sindidziwa, zoona. Ana anga aphunzira sukulu ndi zitheba zimenezo. Komanso ife timatumiza zabwino zokhazokha, zimene sitinalawepo, kwinaku tikuvala salaula amene azunguwo anavala kale. Nanga ndinene chiyani?

Chimene ndinasunga ndi ichi. Wakutali umamupatsa zimene zalembedwa, osachotsa, osawonjezera. Mbasela ndi ya amene angakhale ndi njala masana chifukwa cha iwe.