Tsiku limene nyanja inabwerera

Nyanja yamchere ndinaiona kamodzi kokha, ndipo ngakhale kamodziko sindinaione bwino. Tinachoka ku Mandimba pa kaminibasi kaja timati chapa, ku Cuamba tinakwera sitima, kenako galimoto ina, kukacheza kwa alamu anga amene amalondera gombe lotetezedwa ndi boma, kumene saloleza kudula mitengo yomera m'madzi. Mwana wanga wamkazi anali asanayambe kuyenda.

Bambo ake anakulira m'mbali mwa nyanja ya Amaramba, ndiye za madzi sauzidwa. M'mawa mwake, alamu atapita kuntchito, tinatsikira kugombe tokha. Tinapeza nyanja ili kutali, pafupi pali mchenga wokhawokha, tinkhanu tikuthawira m'mauna, ngalawa zitagona cham'mbali ngati ng'ombe zodwala.

"Kunonso mvula inavuta," anatero bambo akewo. "Taonani mmene yaphwera. Kwathu ikatere, ndiye mpaka dzinja."

Ndinawakhulupirira. Tinayenda mtunda ndithu pamchengapo. Mwana anagona kumsana, thukuta lili kamukamu, ndiye ndinamutsitsa n'kumuyalira nsalu yanga ya kapulana pamthunzi wa ngalawa ina. Ndinkatola zigoba pafupi, maso ali pa iye, kuopa nkhanu, kuopa mbalame zamiyendo italiitali, kuopa anthu odutsa. Madzi okha ndi amene sindinawaope.

"Amake mwana, tabwerani mudzaone! Kanthu konga nyenyezi, koma kamoyo!"

Ndinapita. Sindinakhalitse, ndithu sindinakhalitse. Ndinangomva mayi wina wonyamula dengu akukuwa m'Chimakua, akuloza kumbuyo kwathu, ndipo mapazi anga anali atazizira kale. Madzi sanabwere ndi phokoso ayi, anadzera m'mbali mwakachetechete n'kutizungulira. Ndinataya zigoba, kuthamanga, kugwa, kudzuka. Ngalawa ija inali itayamba kudzuka yokha. Kapulana inali itanyowa, mwana ali tsonga, akumenya madzi ndi timanja, akuseka.

Ndinamutsomphola mwamphamvu mpaka analira. Mayi uja ndi amene anatitsogolera pobwerera, madzi akulekeza m'ntchafu, akukalipira bambo a mwanayo njira yonse. Iwo anangoti, "Pepani, mayi, kwathu nyanja sibwerera tsiku lomwelo."

Masiku otsalawo sindinatsikirekonso. Alamu anandichonderera, akuti kuli akamba aakulu ngati lichero, kuli miyala yamaluwa pansi pamadzi, akuti nthawi ya madzi amaidziwa, palibe chingachitike. Ine toto. Ndinkakhala kuseri kwa nyumba, mwana ali kumsana nditamumanga ndi nsalu ziwiri, nyanja ndikuimvera m'makutu basi.

Alamu anasamutsidwa, ndipo ulendo wotere sunapezekenso. Pano mwanayo ali pasukulu. Tsiku lina anabwera ataona nyanjayo pa mapu a aphunzitsi.

"Amayi, paja munapitako. Inali yotani?"

Ndinafunafuna chomuuza. Akamba sindinawaone, miyala ija sindinaione, ngakhale chigoba chimodzi ndilibe.

"Funsa manja akowo," ndinatero. "Iwe ndi amene unasewera nayo."